Mlatho, mjigo kapena chiliza? Zokambirana za chikumbutso cha agogo a paulalo

Wapampando (Lilongwe): Abale ndi alongo nonse pagulu lino, mwaswera bwanji. Choyamba ndithokoze aliyense amene anathamanga pa maliro a agogo athu a paulalo, amene munafika ndi amene munatumiza chipepeso muli kutali. Banja lathokoza kwambiri. Maliro tinaika, kumeta kunachitika, yatsala ndi nkhani ija tinayamba kunong'onezana pasiwa: ife ngati gulu la chitukuko tichitepo chiyani kuti dzina la gogo ameneyu lisazilale? Ndalama zimene tasonkha chaka chino sitinazikhudze, ndipo tinapangana kuti tigwire ntchito imodzi yooneka. Maganizo amene andifika ndi atatu: chiliza chabwino pamanda pawo, mjigo watsopano kutsidya, kapena mlatho wa simenti pamtsinje pamene iwo ankaika ulalo. Tiyankhule momasuka koma mwaulemu, pagulu pano pali ana awo ndi adzukulu awo.

Msungichuma (Blantyre): Zikomo a Wapampando. Ine ndingochenjezeratu tisanapite patali, thumba lathu silingasenze zitatu zonsezo, ngakhale ziwiri. Komanso alipo ena pano amene chiyambireni chaka sanaponyeko kalikonse. Mayina sinditchula lero, ndikupezani kumbali.

Wa ku Joni: Ine ndiye ndinanena kale, chiliza. Munthu wakhala zaka zonsezi, adzukulu ndi zidzukulutudzi mudzi wonse, ndiye agone pansi pa mulu wa dothi? Kuno manda amawasamala, mwala wakuda wonyezimira, chithunzi pamwamba, mawu olembedwa bwino. Anyamata tili kunofe tikasonkherana mwalawo tikhoza kuutumiza. Mlatho ndi ntchito ya boma, nanga misonkho anthu amakhomeranji?

Mphunzitsi wopuma (kumudzi): Mwana wanga wa ku Joni, mtima wako ndi wabwino, koma chiliza ndi ntchito ya ana ndi eni mbumba. Tikayamba kumanga ziliza ndi ndalama za gulu, mawa kukagwa maliro ena tidzakana bwanji? Ndiloleni ndifotokozeko za munthu tikukambayu, chifukwa ambiri a inu mudawadziwa atakalamba kale, akuyenda ndi ndodo.

Chaka chawo chobadwa sankachidziwa. Pa kalembera wa ziphaso za unzika mu 2017, anyamata olemba aja adangoyerekeza. Iwo ankati pa njala ya 1949 adali kale mnyamata wolisha ng'ombe kwawo ku Angonia, mbali ya Mozambique, ndipo ankaona anthu ochokera kumwera akufika ndi madengu kudzasuma chimanga. Mukawerengera pamenepo, zaka 90 adazikwanitsa. Kuno adabwera kudzakwatira, ndipo pamene Kamuzu ankatsika ndege pa Chileka mu 1958, chisamba chawo chidali kumsana. Kenaka adalowa Wenela, bungwe lija lolemba anthu ntchito ya kumigodi ya ku Joni, monga amuna ambiri a kuno ku Dedza: ndege mpaka Francistown, kuchoka apo sitima mpaka kumigodi. Ndi angati adapita osabweranso? Matchona tidali nawo pafupifupi khomo lililonse. Ena adakwatira komweko, akazi kuno n'kudikira mpaka imvi. Iwowa kontrakiti ikatha ankabwera, ndalama n'kuziika m'manja mwa mayi. Ndege ya Wenela itagwa ku Francistown mu Epulo 1974 n'kupha anthu athu oposa 70, Kamuzu adatseka ulendo wa kumigodi, ndipo iwo adabwerako ndi bokosi lachitsulo, njinga ya Humber ndi makina osokera a Singer. Theba, imene idalowa m'malo mwa Wenela, itatsegulidwa pambuyo pake anzawo adathamangiranso, iwo adakana, adati ana akukula osandidziwa nkhope. Makina aja ndiwo adaphunzitsa ana awo onse, kusoka pakhonde la golosale tsiku la msika.

Za ulalo zidayamba mu 1994, sukulu yaulere itabwera. Ana adasefukira, ine ndili ndi Sitandade 1 pansi pa mtengo wa mkuyu, ndipo ambiri mwa tiana timeneto tidali ta kutsidya. Mvula ikangogwa kumtunda, kalasi theka. Chaka chomwecho kamtsikana kena kadakokoloka, mwamwayi kadakodwa m'mabango anthu n'kukavuula. Mkuluyu sadaitanitse msonkhano. Adalowa m'munda mwake wa bulugamu, n'kugwetsa mitengo, n'kupempha ngolo. Kuchokera pamenepo, Okutobala aliyense ulalo unkakonzedwa, mpaka miyendo itawakana. Ndiye mukandifunsa ine, ndi mlatho basi.

Namwino (Zomba): Aphunzitsi, mbiriyi mwaifotokoza mpaka ndagwetsa misozi. Koma ndiloleni nditsutseko. Mtsinje uja umavuta miyezi ya dzinja yokha, pamene madzi akumwa ndi tsiku ndi tsiku. Kutsidya amayi akutunga pa zitsime za m'madimba, pomwe pamamwanso mbuzi. Kolera uja wa 2022 mpaka 2023 anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo ife a m'zipatala tinaona ndi maso mmene munthu amathera madzi m'thupi tsiku limodzi lokha. Ngakhale kopanda kolera, ana a kutsidya kutsegula m'mimba sikuwachoka. Agogo akanafunsidwa, ine ndikuona ngati akanasankha madzi.

Wa kabaza (kumudzi): Anamwino, mjigo kutsidya ulipo, unangofa. Ndi wa mtundu wa Afridev womwe uja, mutu wake uli bwinobwino. Marodi ena anaduka, mabushi anatha, ndi kalabala ka pansi kaja. Mekaniki wa m'dera anabwera n'kunena kuti ndi ntchito ya tsiku limodzi. Vuto ndi loti ndalama zimene mabanja ankasonkha mwezi ndi mwezi, komiti sikudziwa kumene zinalowera. Mukakumba wina adzafanso imfa yomweyo. Ine zanga ndi za mlatho chifukwa ndimadutsa pamenepo ndi odwala. Dzinja lathali ndinanyamula mayi wina usiku nthawi yake itakwana, tikufika pamtsinje madzi akudutsa pamwamba pa mitengo. Tinabwerera n'kukazungulira kumsewu waukulu. Mayiyo anachirira m'njira, pafupi ndi dibi, amayi a m'nyumba zapafupi ndi amene anathandiza ndi zitenje zawo.

Namwino (Zomba): Ayi, ya kuchirira m'njirayo yandigwira. Komabe madziwo musawataye. Ngati ndi zoona kuti ndi marodi ndi mabushi okha, bwanji tipatuleko kangachepe mjigowo udzuke, zina zonse zipite kumene gulu lisankhe?

Msungichuma (Blantyre): Kupatula si vuto, koma ndalama m'manja mwa komiti imeneyo ine sindiika. Zipangizo tigule tokha, mekaniki timulipire tokha, lisiti ndilione ndi maso angawa.

Wa kubanja la amfumu: Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Ndiyankhule zimene ena akuopa kunena. Mlatho sindikukana. Koma ndamva kuti mukufuna kulembapo dzina la malemu. Tonse timawalemekeza, komabe tisaiwale kuti anali akamwini. Mudzi uno uli ndi eni ake, makolo amene anatema nkhalango n'kukhazikitsa mbumba. Mpaka lero palibe chitsime, sukulu kapena mtengo wotchedwa dzina la agogo aakazi amene anayambitsa mudzi. Ndiye tiyambire munthu wobwera? Mawa abale awo a ku Angonia adzati apa pali dzina lathu, malo a m'mbaliwa ndi athu. Nkhani za malo mukudziwa mmene zikuvutira masiku ano. Chinanso, amfumu simunawauze, akungomvera m'mphepo.

Wa ku Leeds: Achimwene, apa mwandilasa. Munthu wakhala m'mudzi zaka pafupifupi 70, waika anzake m'manda, walera ana a eni mudziwo, akadali wobwera? Inuyo pa ulalo umenewo simunawolokepo?

Wa kubanja la amfumu: Ndinawolokapo achemwali, ndipo anandikwapulapo nditabisala m'chimanga kuthawa sukulu. Sindikunyoza. Ndikunena mwambo.

Wapampando (Lilongwe): Tidekhe abale. Mfundo ya amfumu ndi yoona, palibe mwala umene tingaike pamtsinje paja iwo asanavomere. A Mlembi, lembani zimenezo.

Mphunzitsi wopuma (kumudzi): Mwambo ndimaudziwa, ineyo ndine mkamwini kumene ndikukhala kuno. Koma tinene zonse. Pa maliro paja abale awo a ku Angonia adabwera kudzatenga thupi monga zimakhalira, ndipo ankhoswa adaimirira n'kunena kuti malemu adanena kale kuti adzagone kuno pafupi ndi ana awo amene adatsogola. Amene adaloza malo kumanda ndi amfumu omwewo. Za mantha a malo, ndikukumbutseni nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique. Kuyambira cha m'ma 1986 abale awo adadzaza pakhomo paja, ena ogona m'khitchini, ena m'misasa kuseri kwa nkhokwe. Amfumu akale adawabwereka minda. Mtendere utasainidwa mu 1992 anthu n'kuyamba kubwerera, malemu ndi amene adayenda munda ndi munda kuonetsetsa kuti wabwezedwa kwa mwini wake. Padalibe mlandu ndi umodzi womwe. Akale adati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa.

Wa kabaza (kumudzi): Kapena nkhani ndi yoti njira yopita pamlatho idzadya mizere ya dimba la amayi anu, bwana? Kkkk

Wa kubanja la amfumu: Iwe mwana, samala pakamwa. Koma poti wanena, inde, dimba limenelo ndi la mayi anga, ndipo tomato ndi kabichi wa mmenemo ndiye amawagulira sopo ndi mchere. Aliyense pano akukamba za chikumbutso, palibe ndi mmodzi yemwe wafunsa za nkhalamba yamoyo imene idzataye mizere yake.

Wa ku Leeds: Apo ndiye mwanena zomveka. Mukanayambira pamenepo.

Mmisiri (Kanengo): Ndiloleni ndilowepo, mwina ndichepetsa mkangano. Maliro atatha ndinatsala tsiku limodzi n'kupita kumtsinje ndi tepi. Pamene pali ulalo panopa si pomanga mlatho. Mtsinje ukukhota pamenepo, madzi amamenya gombe la kutsidya ndipo chaka chilichonse likugumuka. N'chifukwa chake mkulu uja ankausunthasuntha ulalo wake. Mukakwera pang'ono kumtunda, pamene amayi amachapira, pali thanthwe mbali zonse ziwiri ndipo mtsinje ndi wopapatiza. Maziko akakhala pamwala, nkhawa yachepa. Tikamanga pamenepo dimba la mayi aja likhudzidwa ngodya yokha, mwinanso osakhudzidwa n'komwe ngati eni munda wa kumtunda atalola njira idutse m'malire.

Wina anandiuza kuti tingoika makalavati kuti zitchipe. Ine ndikukana. Madzi a kwathu aja amabwera ndi mapesi, nthambi, nthochi zozuka, zonsezo zimatseka kukamwa kwa kalavati, madzi n'kukwera pamwamba n'kudya m'mbali. Mudzapeza mapaipi ali okha pakati pa mtsinje. Chofunika ndi zipilala ziwiri za miyala ndi simenti, pamwamba silabu ya konkire yokhala ndi zitsulo zokwanira, m'lifupi moti ngolo ndi njinga yamoto zidutse, osati lole. Zogwirira m'mbali zikhalepo chifukwa cha ana. Mchenga, miyala, madzi ndi manja mudzi upereke. Ndalama zipite ku simenti, zitsulo, kwale, matabwa a shatala ndi amisiri. Kukula kwa zitsulo ndi kutalika kwa zipilala anene ndi injiniya, ine ndine womanga chabe.

Koma ndinene poyera, chaka chino tachedwa. Ntchito yotere imayamba madzi ataphwa, cha mu Julaye kapena Ogasiti. Konkire imafuna masiku 28 ikuthiriridwa kuti ikhwime, ndiye tikayamba mochedwa mvula yoyamba idzatipeza shatala tisanachotse. Chomaliza, ngati anthu apitiriza kulima mpaka m'mphepete mwenimweni mwa madzi, ngakhale mlatho wa boma sungalimbe. Magombe afunika vetiva ndi nsungwi.

Msungichuma (Blantyre): Ngati ndi chaka chamawa ndiye ine mutu wayamba kale kuwawa. Mukukumbukira Novembala 2023 kwacha itagwa ndi 44 peresenti? Tinagona ndi ndalama zogulira malata a nyumba ya mphunzitsi, tinadzuka zikugula theka ndi pang'ono. Ndalama zokhala kubanki zikusungunuka. Bwanji tigule katundu panopa?

Mmisiri (Kanengo): Zitsulo ndi waya gulani injiniya akangolemba mndandanda, bola zikhale pouma. Simenti ayi, ikakhalitsa imagwirana, makamaka dzinja likadutsapo. Imeneyo tidzagule ntchito ikamayamba.

Mdzukulu wamkulu (Mzuzu): Makolo anga nonse, pepani ndachedwa kuyankha, ndimalemba n'kufufuta. Ine ndine mmodzi mwa amene tinaleredwa pakhomo paja mayi athu atamwalira, zaka zija matenda ankatenga makolo athu motsatizana. Mwamwambo tikanayenera kukhala m'manja mwa atsibweni, koma atsibweni nawonso anali akudwala. Agogo sanafunse kuti udindo ndi wa yani. Anatifunyulula tonse, ena oyamwa chala, n'kutiika pamphasa imodzi. Yunifolomu ankatisokera usiku ndi koloboyi, nsalu yotsala ya makasitomala n'kukhala matumba a mabuku. Nditasankhidwa kupita ku sekondale, njinga ya Humber ija inachoka pakhomo. Anandiuza kuti aibwereketsa. Ndinadzamva kwa agogo aakazi ndili Fomu 3 kuti inagulitsidwa tsiku lomwe kalata inafika.

Ambiri mukukumbukira ulalo, koma mwina simunaone mmene unkakonzedwera. Ankasankha mabulugamu owongoka, kuwagwetsa, kuwasenda makungwa, n'kuwasiya aume. Kumapeto kwake, kumene kumakhudza dothi, ankawaula pamoto kenako n'kupaka oilo wakuda wopempha kuchigayo, chifukwa cha chiswe. Akaika mitengo ikuluikulu, pamwamba ankayala timitengo topingasa n'kumanga ndi waya, kamodzikamodzi, akukoka ndi pulayala mpaka zala kutuluka magazi. Ife ntchito yathu inali kutuma miyala yotchinjiriza kumutu. Ndodo yawo ija mumaiona inali ndi mizere itatu yosema ndi mpeni. M'mawa mvula ikagwa usiku ankafika pamtsinje ana asanafike, buluku atapinda, n'kuviika ndodoyo pamwala umodzi womwewo. Madzi akafika mzere woyamba, woloka wekha. Wachiwiri, tiana ta Sitandade 1 ndi 2 ankatigwira dzanja kapena kutibereka. Akafika wachitatu, aliyense kwawo, ndipo iwo ankatumiza uthenga kwa ahedi kuti ana asakwapulidwe.

Sindikufuna muwayese mngelo. Anali ndi ukali wawo, mawu awo sankabwezedwa, ndipo pa bawo ankaba njombwa anzawo akayang'ana kumbali, zimenezi mudzi wonse ukudziwa. Foni tinawagulira, anaiika m'bokosi la ku Joni lija n'kutseka.

M'bokosi momwemo, titatsegula pambuyo pa kumeta, tinapezamo makope. Ena ndi a ngongole za osoketsa, ena a fizi zathu, aliyense tsamba lake. Koma lina ndi la ulalo. Chaka chilichonse mzere wake: mitengo ingati, waya wochokera kwa yani, ndi mayina a amene anabwera kudzathandiza. Masamba oyamba mayina ndi ambiri, mpaka kusefukira kuseri. Mukamatsegula, mayina akuchepa. Zaka zomaliza palembedwa kuti iwo ndi adzukulu, basi. Ineyo wanga anasiya kuoneka chaka chimene ndinayamba ntchito. Ndiye pamene tikukangana zolemba dzina lawo pa simenti, ine chikundiwawa ndi choti m'kope lawo mayina athu mulibe. Mlatho ndikuufuna ndi mtima wonse. Koma nawonso udzafuna munthu wokauyendera, wochotsa zinyalala pa zipilala, wodzala udzu pagombe. Tikapanda kumupeza munthu ameneyo lero, udzatha ngati mjigo wa kutsidya.

Namwino (Zomba): Mwana wa achemwali, limba mtima. Sindinadziwe za njinga ija.

Wa ku Joni: Eeh. Ine dzina langa m'kopemo liyenera kuti linathera mu Sitandade 8. Chabwino, za chiliza ndasiya kukakamira pagulu, ndikambirana ndi banja kumbali. Koma mwala uja ndiye ndidzatumizabe.

Mzime wa malemu (kumudzi): Zikomo nonse. Madzulo ano ndawawerengera amayi mauthenga onse, ena kawiri chifukwa makutu ayamba kuvuta. Ayankha motere. Za chiliza ati ndi zathu ana, ndipo tisathamange, tidikire mvula idutse dothi likhazikike, komanso pambali pake pasiyidwe malo awo. Za dzina aseka, ati bambo anu akanamva kuti mukufuna kuwalemba pachikwangwani akanakuthamangitsani ndi ndodo yomwe ija. Ati inu lembani kapena osalemba, iwo alibe nazo mawu, koma asamve kuti anthu adana chifukwa cha mwamuna wawo. Za dimba ati mayi a achimwenewo ndi mnzawo wa pachinamwali, akakambirana okha awiri, amuna musalowererepo. Ndipo ati ngati ngodya ya dimba idyedwe, iwo adula mizere ya dimba lawo la kumunsi n'kubwezera.

Wa kubanja la amfumu: Amayi anenazo ndazimva, ndipo ndachita manyazi ndi kukoma mtima kwawo. Komabe za dzina ndikupempha zikathere kubwalo kwa amfumu, osati pa foni. Ngati pakhale chikwangwani, patchulidwenso agogo amene anayambitsa mudzi. Pamenepo ine sindisuntha.

Wa ku Leeds: Ine chikwangwani cha mayina awiri sindikuchikana. Koma chisakule kuposa mlatho.

Mlembi (Dedza boma): Ndalemba zonse. Ndiwonjezere za ndondomeko, chifukwa mlatho si khola la nkhunda loti tingomanga mmene tafunira. Ukadzagwa ndi ana a eni, mlandu ndi wathu. Tiyambire kwa amfumu, kenako komiti ya chitukuko ya m'mudzi, VDC, ipititse ku komiti ya chitukuko ya dera, ADC, kuti khonsolo itumize injiniya adzaone malo a Mmisiri anenawo. Ntchito ikalowa m'mapulani a dera, tikhozanso kupempha kuti thumba la chitukuko cha m'dera la phungu, CDF, lithandizepo mbali ya simenti.

Wa ku Joni: CDF ayi a Mlembi, chonde. Mukangoitana andale, tsiku lotsegulira adzabwera ndi nsalu zawo ndi magule, n'kunena kuti amanga ndi iwo. Agogo sadzatchulidwa n'komwe.

Wa ku Leeds: Achimwene, si inu munati misonkho anthu amakhomeranji? CDF ndi misonkho yomweyo, si ndalama za m'thumba mwa phungu. Kuipempha si kupempha chifundo.

Wa ku Joni: Ndinanena, koma mwaona kangati ntchito ya thumba limenelo ikuyamba n'kuima pa maziko? Tikadalira zimenezo tidikira zaka.

Mmisiri (Kanengo): Onse awiri muli ndi mfundo. Ine ndingati tipange bajeti yoti tokha tikhoza kumaliza, ngakhale pang'onopang'ono. Thandizo likabwera, lipite ku njira zolowera pamlatho ndi zogwirira. Koma munthu wogula katundu ndi wosunga makiyi akhale wathu.

Msungichuma (Blantyre): Zimenezo ndiye ndagwirizana nazo. Ndipo pa mawu a mdzukulu aja, ndikupempha kuti pa ndalama iliyonse yolowa tizipatula kagawo kosamalira mlatho ndi mjigo, kakhale pa akaunti ya gulu, osati m'chitenje cha munthu. Amene muli kunja tumizani pa Mukuru monga mwa nthawi zonse, a kuno Airtel Money kapena Mpamba, ndipo mukatumiza ikani umboni pagulu pano, osati kundiimbira usiku.

Wapampando (Lilongwe): Ndaona povotera paja, ambiri asankha mlatho, mjigo ukutsatira, chiliza chatsala ndi ochepa amene mwina sanawerenge uthenga wa amayi. Ndiye tikuti mlatho chaka chamawa madzi akaphwa, mjigo wakale ukonzedwe mwezi uno ndi ndalama zochepa monga anapempha anamwino, chiliza ndi cha banja, dzina likakambidwe kubwalo. Aphunzitsi ndi a Mlembi, kaonaneni ndi amfumu Loweruka, musapite chimanjamanja.

Namwino (Zomba): Ndavomera, ngakhale mtima wanga ukadali kumadzi. Mjigowo ukadzuka komiti isankhidwenso, ndipo amayi a kutsidya akhale ambiri mmenemo, ndi iwo amene amatunga.

Wa kabaza (kumudzi): Mabwana, zonse mwakambazi ndi za chaka chamawa. Nanga chaka chino? Ndadutsa paulalo masana ano, mitengo iwiri yapakati yafumbwa, ukaponda ikulira. Chaka chatha sunakonzedwe chifukwa agogo anali gone. Mvula ikayamba ana awoloka bwanji?

Mphunzitsi wopuma (kumudzi): Mnyamatayu wafunsa funso lenileni. Ine msana sulola kunyamula, koma kuyang'anira ndi kukalipa ndingathe.

Mzime wa malemu (kumudzi): Mabulugamu alipo m'munda mwa bambo, amayi ati dulani amene mukufuna. Koma agwetsedwe sabata ino kuti apeze nthawi youma.

Mdzukulu wamkulu (Mzuzu): Ndipempha tchuthi, ndibwera ndi kope lija. Amene abwere alembedwe.

Wa kubanja la amfumu: Ngolo ndi ng'ombe ndipereka ine. Anyamata ndikawauza amfumu awamemeze, koma nsima ya ogwira ntchito gulu lione.

Msungichuma (Blantyre): Ufa ndi nyemba zichokera kuthumba, nyama ayi.

Wa kabaza (kumudzi): Oilo wakuda ndikapempha kuchigayo mawa. Watsala waya, ndipo usakhale wowonda uja wa m'magolosale, umaduka ukamakoka. A Mmisiri, kumeneko ku Kanengo simungatipezereko?

Mmisiri (Kanengo): Ndiupeza. Ndidzaupatsira kondakitala wa minibasi Lachisanu, ukaudikire pa siteji ya Chimbiya.